Ndodo ya Ti-Guy

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona mu bala yanga, Lachinayi madzulo, jagi yachiwiri ya mowa itangotha. Ine ndine Doreen Pawluk, ndipo ndagulitsa mowa mu hotela ya kwathu ku Vorona nthawi yaitali moti ndikaona amuna atatu atsitsa mawu n'kugundanitsa mitu, ndimadziwa kuti kukuphikidwa uchitsiru. Iwo amaiwala kuti wopukuta matebulo naye ali ndi makutu.

Kuseri kwa kauntala yanga kuli shelefu ya timphira ta hoke, masewera athu a pa ayezi omenya kamphira ndi ndodo. Mwambo wathu ndi wakuti munthu akagoletsa chigoli chake choyamba mu timu ya madala, amabweretsa kamphira kakuda kamene kalowa mu ukondeko, ine n'kukakulunga tepi yoyera n'kulembapo dzina lake. Pali dzina la abusa, pali la dokotala wa mano, ngakhale la mkulu wina amene anagoletsa ndi thako atagwa chagada. Dzina la Orest Hryciuk lokha ndi limene panalibe.

Orest ndi kamunthu kakafupi kokonza makina okololera tirigu. Anayamba kusewera ndi madala tsitsi lili bii, pano pamutu pali ngwee, koma kamphira kake kanali kasanalaweko ukonde. Kankagunda chitsulo cha golo, kankadutsa pamwamba, tsiku lina kanakagulula dzino la mnzake wa timu imodzi. Nthawi zonse iye ankakweza manja n'kukuwa kuti, "Chikanalowa!" Dzina linamera pomwepo, moti ngakhale mkazi wake pomuitana kukadya ankati Chikanalowa.

Tinkamuseka, inde, koma ine ankandimvetsa chisoni. Dokotala wa ku Saskatoon anali atamuuza kuti Pasaka ikangodutsa amuika bondo lachitsulo, ndipo za hoke aiwale. Lamlungu lake kunali gemu yomaliza ya madala asanazimitse makina kuti ayezi wa m'bwalo asungunuke. Akalephera tsiku limenelo, basi, shelefu yanga inali yosadzamudziwa mpaka kumanda.

"Vuto si inu, amwene," anatero Duane Klassen, amene timamutcha Mapulani chifukwa ali ndi nzeru zolemeretsa aliyense kupatula iye mwini. "Vuto ndi chikuni chimene mumaseweretsa chija. Ndodo zamtengo anthu anasiya kalekale. Mukaone zimene zafika mu sitolo ya Marlene. Akuzitcha Mphezi! Ulusi wa kaboni wokhawokha, m'kati muli mphako ngati bango, kupepuka kwake ngati supuni. Mukaitsamira imapinda, powongoka imaponya yokha kamphira. Inu ntchito yanu ndi kungoigwira."

"Madola mazana anayi," anatero Chikanalowa akuyang'ana m'tambula. "Mayi a kunyumba atamva zimenezo, madokotala angayambe kundiika mutu wachitsulo, bondo pambuyo."

"Ndani wanena zogula?"

Wachitatu pa tebulopo anali Lorne Desjarlais, goloboyi wa madala, amene timamutcha Firiji chifukwa akaima pakhomo kuwala sikulowa. Iye anasiya kutafuna phiko la nkhuku n'kuyang'ana Mapulani.

"Loweruka masana anyamata a tauni ino akusewera fainolo," anapitiriza Mapulani. "Aliyense akakhala kubwalo, ndi agalu omwe. Marlene amatseka sitolo. Ife tilowera pa windo la kumbuyo, titenga Mphezi zonse, imodzi ya akuluwa, zinazo ndikagulitsa ku Regina. Kuphethira kwa diso, dilu yatheka."

"Ndiye gemu ya anyamata sitionera?" anafunsa Firiji modandaula.

"Mudzamva kwa anthu."

"Nanga mpando wanga?"

"Ndani angaone kuti inu kulibe?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Firiji amakhala mipando iwiri, ndipo akakuwira refa amamveka mpaka kumalo oimika magalimoto.

Zimene zinachitika m'sitolo ndinazimva kwa eni ake, chifukwa masiku ano amazifotokoza okha kwa aliyense wowagulira mowa. Loweruka limenelo kunazizira moti mamina ankaumira m'mphuno. Anafika kuseri kwa sitolo ya Marlene Friesen atavala zipewa zophimba nkhope, koma atavalanso majekete a timu ya madala, aja olembedwa dzina la munthu pa mkono. Mapulani analamula kuti Firiji ayambe ndiye kulowa pa windo, poti ndi wamphamvu. Mutu unalowa, mapewa analowa movutikira, mimba inakana.

"Kokani mpweya, amwene!"

"Ndakoka! Mukufuna ndikoke wa ndani?"

Anamukankha, anamukoka, thalauza linang'ambika. Chikanalowa atatopa anatsamira chitseko cha kumbuyo kuti apumitse bondo, chitseko n'kutseguka chokha. Marlene sakhoma chitseko chimenecho, chifukwa makolo amabwera kudzatenga nsapato za ana zoterera pa ayezi akazinola. Tauni yonse imadziwa zimenezi, ndi atatuwa omwe.

Atamuzula pa windo n'kulowa onse, Firiji anawagwira anzake mapewa.

"Vulani nsapato. Marlene wakolopa."

Mbava zitatu zinavula majombo, n'kuwandanditsa bwinobwino pa mphasa ya pakhomo, n'kulowa ndi masokosi.

Mphezi zinali pa khoma, zonyezimira ngati nsomba. Chikanalowa anatenga yoyamba n'kuibweza, yachiwiri n'kuibweza, mpaka kumapeto kwa mzere. Zonse zinali zopindikira omenyera kumanzere, monga amachitira anthu ambiri kuno, pomwe iye amamenyera kumanja. Nkhope inagwa. Kenaka Firiji anaona ina itakolekedwa payokha kuseri kwa kauntala, phazi lake lopindikira mbali yoyenera. Pa thunthu pake panali malemba asiliva akuti TI-GUY.

"Ameneyu ndiye ndani?" anafunsa Chikanalowa.

"Simumudziwa Ti-Guy?" Mapulani anapukusa mutu ngati mphunzitsi wokhumudwa. "Katswiri wa ku Montreal ameneyo! Akuluakulu, muzionera nkhani. Ndodo yamtundu wake ndi yodula kuposa zonsezi, n'chifukwa chake aibisa payokha."

Apa ndi pamene anafunika kunyamula katundu n'kuthawa. Koma palibe mwamuna wa kuno amene angagwire ndodo ya hoke m'sitolo osaitsamira kuti aone kupinda kwake. Ndi matenda, ndipo alibe mankhwala. Chikanalowa anaika phazi la ndodo pansi, anaitsamira, inapinda ngati uta n'kuwongoka yokha. Pakona ya sitoloyo Marlene anaikapo ukonde ndi thabwa loterera loyeserapo ndodo. Chikanalowa anakokera kamphira kamodzi, anangopotoza dzanja pang'ono, thwa! Kamphira kali m'kona yapamwamba ya ukonde, iye asanaone n'komwe kuti kachoka.

Anaima kukamwa kuli yasa, misozi ili lengelenge.

"Amwene," anatero chapansipansi, "moyo wanga wonse ndakhala ndikusewera ndi mpini wa fosholo."

Anamenya kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Mapulani anatenga yakumanzere kuti nayenso alaweko. Firiji anavala chipewa cha goloboyi chimene chinali pa malonda n'kuima pa ukonde kuti mayeso akhale enieni. Za kuba zinaiwalika.

Vuto linali limodzi: ndodoyo inali ya munthu wamtali. Ndodo yabwino imafika pa mphuno ukaima wopanda nsapato, koma iyi inkamupitirira Chikanalowa pamutu. Anatenga sowo ya Marlene pa benchi.

"Ndinamva kuti ukaidula kwambiri imauma, sipindanso bwino," anatero Firiji.

"Mabodza a ogulitsa amenewo," anayankha Mapulani. "Dulani, akulu."

Anadula chidutswa chotalika ngati botolo la mowa. Poti ndi munthu woleredwa bwino, anasesa fumbi lonse, ndipo atasowa bini anaika chidutswacho pa kauntala, pafupi ndi makina a ndalama. Nthawi yomweyo lipenga la kubwalo linalira kuti gemu yatha. Anathamangira majombo, anatulukira pakhomo onse atatu nthawi imodzi ngati nkhosa, ndipo Mphezi za ku Regina zija zinatsala pa khoma zonse. Madzulo ake anakulunga ndodo yonse ndi tepi yakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuti isadziwike.

Dzuwa lisanalowe, wapolisi wathu analowa mu bala yanga. Timangomutcha Bwana Delorme. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, anachokera kummawa, ndipo naye amasewera ndi madala. Anaitanitsa khofi n'kuika chidutswa cha ndodo pa kauntala, nkhope ili ndwii kuposa mmene kuba wamba kumamukwiyitsira.

"Mayi Pawluk, wakuba wasiya ndodo zonse zakumanzere n'kutenga yakumanja imodzi. Waidula kuti imukwane, ndiye ndi wamfupi. Wasesa pomaliza. Kubwalo lero kunali mipando inayi yopanda anthu. Mukuganizapo bwanji?"

"Bwana, ine ndimagulitsa mowa."

Mu timu ya madala omenyera kumanja alipo awiri okha, ndipo mmodzi anali amene ankamwa khofiyo. Anayang'ana shelefu ya timphira nthawi yaitali, kenaka anaika chidutswa chija m'thumba la jekete.

"Mawa ndi gemu yake yomaliza, eti?" anatero. "Chabwino. Ndende siithawa."

Lamlungu masana bwalo linadzaza, chifukwa mphekesera kuno zimathamanga kuposa mphepo ya kumpoto. Ine ndinatseka bala n'kukakhala kutsogolo. Marlene mwini wake ndi amene anagwira wezulo, monga amachitira chaka chilichonse.

Pa gemu yomaliza matimu sasankhidwa ndi pakamwa. Aliyense amaponya ndodo yake pakati pa bwalo, munthu mmodzi amagwada atatsitsa chipewa kumaso, n'kumaponya ndodo imodzi uku, ina uko. Kumene yagwera ndodo yako ndi kumene ukasewere. Mapulani anali ataiwala zimenezi m'mapulani ake, ndipo atamuona amene akugwada pa muluwo, anatuwa.

"Musaponye, amwene! Nenani kuti mutu ukuwawa!"

Chikanalowa anaponya. Bwana Delorme anapapasa, anaponya ya abusa kumanja, ya dokotala wa mano kumanzere, kenaka dzanja lake linagwira yakuda ija. Anaikweza ndi zala ziwiri, anaiyeza kulemera, anaigogoda pa ayezi n'kumvetsera kulira kwake.

"Yopepuka bwino," anatero chipewa chili kumaso. "Ya ndani?"

"Ya msuweni wanga wa ku Moose Jaw," anayankha Chikanalowa ndi mawu a mwana wa sukulu. "Wangondibwereka."

Bwana Delorme anaiponya ku mbali imene sinali yake. Motero Chikanalowa ndi Mapulani anagwera timu imodzi, ndipo golo imene ankafunika kugoletsa inali ya Firiji. Mapulani anaona mwayi, anatsetsereka mpaka pa golo.

"Aise, akamenya akuluwa mungotsegula miyendo pang'ono. Palibe adziwe."

Firiji anamuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake.

"Kuba ndingabe nanu, kundende ndingapite nanu, koma chigoli sindigulitsa. Choka pa golo panga."

Gemu itayamba, Mphezi inaonetsa khalidwe lake lenileni. Ndodo yamtengo imalandira kamphira mofatsa, koma iyi inkakabweza ngati khoma. Mnzake akamupatsira, kamphira kankagunda phazi la ndodo n'kudumphira kwa adani. Poti inali yopepuka, ankaikweza mopitirira, ndipo kawiri konse anawavula abusa chipewa. Mawu a Firiji aja anapherezeranso: chiidulireni inauma gwa, moti kamunthu ngati Chikanalowa kakaitsamira sinkapindanso ngati m'sitolo muja. Atapsa mtima anamenya ndi mphamvu zake zonse, kamphira kanauluka pamwamba pa galasi lotchinga n'kukaboola mphika wa khofi ku kantini.

"Chikanalowa!" linakuwa bwalo lonse, iye asanatsegule pakamwa.

Chakumapeto, polimbirana kamphira pakona, dokotala wa mano anamenya Mphezi pa thunthu ndi chindodo chake chamtengo. Kunamveka ka phokoso kakang'ono, tche, ngati munthu waponda chigoba cha dzira. Ndodo yamtengo ikamafa imachenjeza, imayamba kuchita zibanthu, mwini wake n'kukonzeka. Ya kaboni imavulalira m'kati, kunja ikuoneka yatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikanalowa anaiyang'ana, anaona tepi ili bwinobwino, anapitiriza kusewera akutsimphina.

Nthawi inali itatsala pang'ono kutha. Mtima wanga unkagunda ngati ndine mkazi wake, ndipo mkazi wake weniweni anali ataphimba nkhope ndi mpango. Kenaka Bwana Delorme, amene sataya kamphira chisawawa, anakataya pakati pa bwalo, pamapazi penipeni pa Chikanalowa. Mpaka lero amati anaterereka.

Chikanalowa ananyamuka yekhayekha kulunjika kwa Firiji, bondo likulira, mpweya ukutuluka ngati wa ng'ombe. Anakweza ndodo mpaka kudenga, anatsinzina, anaitsitsa ndi mkwiyo wa zaka zonse zija.

Phwaa!

Mphezi inaduka pakati. Phazi lake linauluka likuzungulira kulunjika kumaso kwa Firiji, ndipo Firiji, goloboyi wosagulitsa chigoli, anadumpha ngati mnyamata n'kuliwakha ndi golovesi. Anagwa chogwada, analikweza m'mwamba monyadira kuti anthu aone. Pamene ankadikira kuti amuombere m'manja, kamphira kamene kanangokhudzidwa pang'ono kankabwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kutchalitchi. Kanadutsa pakati pa mawondo ake, kanawoloka mzere, kanaima.

Wezulo ya Marlene inalira. Sindinamvepo phokoso lotero m'bwalo limenelo, ngakhale dzulo lake pa fainolo. Matimu onse awiri anamugwera Chikanalowa, abusa akulira poyera, ine ndikukuwa mawu mpaka kutha. Koma paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Bwana Delorme anatola thunthu la ndodo lija, anatenganso kamphira mu ukonde. Pamene panathyokapo tepi inali itang'ambika, ndipo iye anaisenda pang'onopang'ono ngati nthochi mpaka malemba asiliva anaonekera.

"Ti-Guy," anawerenga mokweza.

"Katswiri wa ku Montreal ameneyo, bwana," anatero Mapulani msangamsanga.

"Ndi dzina limene amandiitana mayi anga. Ine ndine Guy Delorme. Ndodo iyi ndinaitanitsa Khirisimasi isanafike, ndipo dzulo ndi pamene ndimati ndikaitenge."

Munthu takhala naye zaka zonsezi, koma ndani amafunsa wapolisi dzina lake loyamba?

"Komatu palibe mlandu," anapitiriza Bwana Delorme modekha, akuponyaponya kamphira m'dzanja. "Akuluwa akuti ndodo si yawo, ndi yobwereka. Dzina lili apali ndi langa. Ndiye chigoli chagoletsedwa ndi ndodo yanga. Mayi Pawluk, kamphira aka mukalembepo Ti-Guy."

Mapulani anapumira m'mwamba, anamutsina Chikanalowa pa mkono.

"Vomerani, amwene," ananong'ona. "Tapulumuka. Khalani chete."

Chikanalowa anayang'ana kamphira, anayang'ana ine, nkhope ikufiira kuyambira m'khosi mpaka padazi.

"Ayi!" anakuwa, mawu akumveka bwalo lonse. "Ayi, bwana, pamenepo ndiye mwalakwa! Ndodo imeneyo inasiya kukhala yanu dzulo masana! Ndinaitenga ndekha kuseri kwa kauntala, ndinaidula ndekha ndi sowo ya Marlene, ndinaikulunga ndekha! Msuweni wa ku Moose Jaw ndilibe! Funsani awiriwa, tinali limodzi!"

"Ine sindikumudziwa munthu ameneyu," anatero Mapulani.

"Zoona, bwana, tinali limodzi," anatero Firiji, phazi la ndodo likadali m'golovesi. "Koma mulembe kuti chigolicho sindinamupatse dala."

Marlene anatsetsereka n'kuima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Windo langa mukonza, ndipo chipewa cha goloboyi chija mwachinunkhitsa thukuta, mugula. Koma zikomo posesa."

Bwana Delorme anawalola kuvula nsapato zoterera, kenaka anawalongedza onse atatu kumbuyo kwa galimoto ya polisi, Firiji pakati, enawo atafinyikira kumawindo. Ine ndinathamangira kukatsegula bala, ndipo ndisanavule n'komwe jekete ndinaona galimotoyo ikuima pakhomo panga. Wapolisi anatsika, anatsegula chitseko cha kumbuyo, anatulutsa Orest yekha n'kulowa naye atamugwira pa chigongono.

Orest anaika kamphira pa kauntala ndi manja awiri. Ndinakakulunga tepi yoyera, ndinatenga cholembera, maso anga nawo ali ndi nkhungu.

"Ndilembe chiyani, akulu? Orest, kapena Chikanalowa?"

Anayang'ana pa shelefu, pampata umene ndinali nditausunga zaka zonsezi pakati pa abusa ndi dokotala wa mano. Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete.

"Lembani kuti Chinalowa," anatero. "Tiyeni, bwana, tizipita."